Bokosi ndi Dayamondi

Lachiwiri lililonse ndimatsika basi ku Barão Geraldo
ufa wa buledi udakali m'zikhadabo,
n'kukwera masitepe a nyumba ya filosofi
mpaka m'chipinda chimene fani yake imakhosomola.
Mayi Valdirene, choko chitawamata pachigongono,
amajambula kabokosi pabolodi: aka, akuti, ndi "sizingalephere."
Pambali pake kadayamondi kopendekeka: "n'zotheka."
Tizizindikiro tiwiri basi,
koma akufuna tinyamulire dziko lonse mmenemo.

Chaka chatha anatiphunzitsa malamulo akale:
chinthu chilipo kapena palibe, njira yachitatu kulibe.
Ukangoti mvula ikugwa komanso sikugwa,
khoma lagumuka,
ndipo pogumukapo chilichonse chimalowa:
mwezi ndi chinanazi, ine ndine mwini doko la Santos.
Mayesowo ndinakhoza. Ndinakhulupiriranso.

Kenaka bambo anayamba kuiwala.

Madzulo ndimawapeza pakhonde ku Vila Industrial
atavala jekete ya kampani ya njanji imene anapumako kalekale,
akudikira sitima ya folo koloko.
Amandiyang'ana, amvekere, "Pepani mayi, mwamuonako Jucélia wanga?
Kamtsikana ka mpata m'mano, kamachedwa pochoka kusukulu."
Ndimati, "Akubwera bambo, ali m'njira."
Ndipo sindinama.
Jucélia ali pano, wagwira kapu ya khofi.
Jucélia kulibe, sanafike.
Nyumba ili chiimire. Khofi akadali khofi.

Ndinakafunsa m'kalasi, osatchula dzina la munthu.
Mayi Valdirene anapukuta magalasi ndi nsonga ya bulawuzi,
nati, "Mwandithamangira. Tsegulani chaputala chachisanu.
Ilipo lojiki imene imasunga mawu awiri otsutsana
m'nyumba imodzi, denga osayaka.
Musayese n'chifundo ayi.
N'yolimba kuposa yakale ija,
chifukwa uyenera kuloza ndi chala pamene mng'alu ukuthera."

Ndiye usiku ndimajambula timadontho patebulo la kukhitchini,
dontho lililonse ndi dziko,
ndi mivi yochoka apa kupita apo:
ukaima pano, ndi maiko ati amene ukuwaona?
Osmair wa pampando wakumbuyo amakonda dongosolo
limene dziko lililonse limaona linzake, osabisana.
Iyeyo makolo ake ali bwino.
M'dziko la bambo muli sitima, muli amayi akusita malaya,
muli ine wa zaka zisanu ndi zinayi.
Kuchoka kwanga muvi umakafika, ndimapitako tsiku ndi tsiku.
Kuchoka kwawo kubwera kuno, muvi unathyoka.
Zimenezi zili ndi dzina m'buku.
Ndinaliloweza. Silitonthoza.

Dokotala akuti tiona.
Mng'ono wanga Edivânia akuti ndisiye kudzinamiza,
amanena pa foni, ali ku Curitiba, ana akulira kumbuyo.
Pa mayeso a mawa pali funso la yankho lachitatu,
lija losakhala zoona, losakhala bodza,
limene ena amasungira zinthu zam'tsogolo.
Chitsanzo cha m'buku sindinachikonde,
ndalemba changa m'mphepete mwa tsamba:
"Mawa adzandizindikira."
Ndaika theka.

Dzulo ndikuwamanga zingwe za nsapato
dzanja lawo linatera pamutu panga, lolemera ngati kale,
anati, "Juju, wachedwatu lero."
Ndinawerenga mumtima: modzi, wiri, tatu.
Kenaka anafunsa ngati sitima yadutsa.

Ndinatenga bolopeni n'kujambula pachikhatho.
Dzanja linkafuna bokosi,
makona anayi okhazikika, chivindikiro chotseka.
Ndinalipendeketsa pang'ono.

Alamu ilira hafu fili.
Uvuni suyembekeza umboni wa munthu,
ndipo inki ija, ikakumana ndi ufa ndi madzi,
sifika masana.